Kaputeni wa pa Migowi

Anzanga, mwamuna amene anandisandutsa choseketsa ndinakumana naye mu video show.

Munali mu 2008. Ine ndine Rozaria, kwathu ndi kwa Nazombe, koma nthawi imeneyo ndinkakhala pa Migowi ndi achemwali anga, kuwathandiza kugulitsa nandolo ndi mpunga pamsika.

Atsikana anzanga ankafera mafilimu a ku Nigeria. Ine ayi. Mtima wanga unali pa ma series aja a zombo zoyenda m'mlengalenga, anthu kutera ku maiko a madzuwa awiri, maloboti kuyankhula ngati anthu. A Sitima, eni video show, ankawaika Lachitatu masana anthu akachepa, ndipo wamkazi ndinkangokhala ine ndekha.

Tsiku lina magetsi anathima kaputeni wa chombo atazunguliridwa ndi adani. Ndinakuwa, "Mayo ine, amupha!"

Kumbuyo kwanga wina anaseka.

"Samupha, mtima m'malo. Ine ndili nayo yonse kunyumba, season one mpaka four."

Nditacheuka ndinaona mnyamata wa shati yosita bwino. Anati dzina lake ndi Malumbo, wa ku Rumphi, kalaliki pa ofesi ina ya boma.

"Koma Chizungu chakecho umamva?" anandifunsa.

"Pang'ono. Sukulu ndinalekezera Form 2. Zinazo ndimangoona nkhope, ndikudziwa zimene akunena."

"Iwe ndiwe special," anatero.

Anzanga, mawu amenewo ndinayenda nawo sabata yonse!

Ndinayamba kupita kwake Loweruka lililonse. Anali ndi TV, DVD ndi batire ya galimoto, moti magetsi akathima ife sizinkatikhudza. Ankaimitsa filimu n'kundimasulira pamene sindinamve. Kwathu ndikatchula za m'mlengalenga ankati ndayamba misala, koma iye ankandimvetsera mpaka ndimalize.

Episode ikatha ankati, "Tandifotokozera mmene waimvera."

Ine n'kuimirira, chitenje m'chiuno, chipande m'manja ngati mfuti, kusanduka kaputeni. Ndinkakuwa, ndinkagwa pansi, ndinkayankhula Chizungu changa chothyokathyoka. Ndikatengeka lilime la Chilomwe limatuluka lokha, ndege imasanduka "nteke", mlengalenga "mlenkalenka".

Iye ankaseka mpaka misozi, foni ili m'manja.

"Mukujambuliranji?"

"Ndiziona ndikakusowa, babe."

Patapita miyezi itatu anandiuza kuti Disembala akaonekera kwa amalume anga. Achemwali anandichenjeza.

"Rozaria, anthu a m'maofesiwa amabwera ndi transfer, amapitanso ndi transfer."

"Awa ndi ena, achemwali."

Ndinkawachapira, ndinkawaphikira kalongonda, mpaka ndinakana mnyamata wa kutchalitchi kwathu amene anali serious.

Mu Novembala Malumbo anapita kwawo ku holide. Sabata yomweyo ndikudutsa pa siteji ya minibasi, kondakitala wina anandiwombera sawatcha.

"Kaputeni! Nteke inyamuka nthawi yanji?"

Siteji yonse inafa ndi phwete.

Ndinaganiza kuti wangolota. Koma pamsika azimayi ogulitsa tomato ankandiyang'ana n'kumagwirana. Kenako mnzanga Edina anandikokera kuseri kwa sitolo, n'kunditsegulira foni yake.

Ndinali ine.

Ndikugubuduzika pansi, chitenje chitamasuka, ndikukuwa Chizungu chopanda mutu. Kumapeto kunkamveka mawu a Malumbo, chapansipansi, "Onani zimene ndimaonera kuno, TV ya ulere."

"Ma video alipo asanu," anatero Edina. "Akutumizirana pa Bluetooth. Anayambira ku ofesi kwawo, kalekale."

Ndinamubwezera foni yake.

Malumbo atabwerako ndinapita kwake Loweruka masana. Pakhonde panali anzake atatu a ku ofesi ndi mtsikana wina wamawigi, atakhala pa mpando umene ndinkakhalapo ine.

"Eee, Kaputeni wafika live!" anatero mmodzi.

"A Malumbo, ndimafuna tiyankhule patokha."

"Yankhula pompano. Awa ndi anzanga, uyu ndi Natasha, amene ndikumanga naye ukwati mu Epulo."

Mtsikanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. "Ndi yemweyu? Pafoni amaoneka wonenepa."

"Nanga za amalume anga zija?" ndinafunsa.

Malumbo anaika botolo lake pansi.

"Rozaria, iwe vuto lako umakhulupirira chilichonse. Zombo zija umaziona ngati zenizeni, ndiye za ine unazitenganso choncho. Ine ndi diploma yanga ndikaonekere kwa Nazombe? Kuno kulibe kochezera, ndimafuna chondichotsa boredom basi."

Ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Usapite chonchi," anawonjezera. "Tachita ka nteke kaja, Natasha aone."

Anaseka onse. Natasha mpaka anatsamwa ndi chakumwa chake.

Ndinayenda mpaka kunyumba osalira. Ndinalira achemwali atandifunsa ngati ndadya.

Pamsika ndinapirira milungu iwiri yokha. Munthu ankabwera ngati akugula mpunga, kenako sawatcha. Ndinalongedza n'kubwerera kwa Nazombe, koma ma video anali atafika kale. Amalume anandiitana n'kundifunsa pamaso pa amayi kuti m'nyumba mwa mwamuna ndinkagubuduzikamo chifukwa chiyani. Amayi anangoweramitsa mutu. Kukwaya anandiimitsa miyezi isanu ndi umodzi.

Malumbo anasamutsidwa chaka chotsatira. Sanandipepese, ngakhale ka message.

Anzanga, chimene chimandiwawa mpaka lero si Natasha, si ukwati. M'ma video amenewo ndinali wosangalala zenizeni, ndipo sindinasangalaleponso choncho pamaso pa munthu.

Munthu akamaseka uli naye, uziyamba wadziwa ngati mukusekera limodzi.