Kudzuka kwa a Hutala

A Hutala anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo dzinali linawakakamira chifukwa sankadutsa mbuzi, mtengo kapena chitsa osaimba hutala. Akuti sabata yomwe anapuma pa ntchito, nkhuku za m'mbali mwa msewu zinanenepa zonse chifukwa cha mtendere. Mimba yawo inakulira pachiwongolero, moti mpaka lero akakhala pampando manja amatsogola okha kukafuna chokhotetsa.

Mayi a kunyumba anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Ana atatu anabalalika ndi ntchito, aliyense mzinda wake. M'nyumba munatsala a Hutala, makapu awiri pashelefu, ndi makina osokera a malemu pawindo, nsalu yobiriwira ili chipanikizire pansi pa singano monga momwe mwini wake anaisiyira. Munthu amene ankacheza ndi anthu makumi asanu ndi limodzi tsiku lililonse tsopano ankacheza ndi firiji. Firijiyo inamva nkhani ya mabuleki kambirimbiri, mpaka ikangowaona akulowa m'khitchini inkayamba kubuula yokha.

Lolemba lina m'mawa sopo anawapereka m'bafa. Anagwa chagada, phi! Fupa silinathyoke ngakhale limodzi, mafuta aja anagwira ntchito yake. Koma kudzuka kunakanika. Anapalasa miyendo ngati kamba wogadamitsidwa, anakoka thaulo, thaulo linabwera ndi msomali wake womwe. Anagona pasimenti yozizira kuyambira seveni koloko mpaka thu koloko masana, akuwerenga madontho a pampopi. Anawapulumutsa ndi bambo wowerenga mita ya madzi, amene anadabwa kumva basi ikuimba hutala m'kati mwa bafa. Anali a Hutala, ndi pakamwa.

Patapita masiku awiri chisamba chawo, mwana wamkazi wogwira ntchito mu ofesi kumzinda wakutali, chinatulukira ndi nkhope ya woweruza milandu.

"Ababa, zatha. Mukubwera kwathu. Chipinda chilipo kuseri kwa khitchini."

A Hutala ankachidziwa chipindacho. Munkakhala njinga yakufa ndi tebulo lositira, ndipo windo lake linkayang'ana khoma la aneba. Makina osokera sakanalowamo ngakhale mutawapaka mafuta.

"Mayi wanga, ine ndinangoterereka."

"Kuterereka aliyense amaterereka, ababa. Inu simunadzuke."

Anakangana mpaka tiyi anazizira kawiri. Pomaliza mwanayo anaika lamulo: miyezi itatu. Apeze mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi wobwera pakhomo, za malipiro azionera iyeyo. Ikakwana miyeziyo, ngati adzatha kugona pansi n'kudzuka okha osagwira mpando, khoma kapena munthu, nyumba ndi yawo. Ngati ayi, makatoni.

Kusaka kunayambira kujimu ya pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Masitepe ake anali khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo pofika pamwamba a Hutala anali atawaona kale makolo awo onse akuwakodola. M'katimo munali magalasi khoma lonse, nyimbo zogwedeza chiwindi, ndi anyamata onyamula zitsulo zoti bwenzi atapangira mlatho. Anasiya nambala ya foni kwa mtsikana wa pakauntala n'kutsika chobwerera, atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri.

Aphunzitsi anabwera atatu. A Hutala anali ndi njira yawo yosankhira munthu. Kale, akafuna kudziwa kondakitala wabwino, sankayang'ana momwe amakuwira. Ankayang'ana ngati amadikira kuti phazi lachiwiri la nkhalamba liponde pansi asanamenye basi kuti inyamuke. Kwa aphunzitsiwa mayeso anali nkhani ya mabuleki: tsiku lomwe mabuleki anaduka paphiri, basi itadzaza anthu ndi nkhumba imodzi padenga. Womvetsera mpaka kumapeto ndiye walembedwa ntchito.

Woyamba anali mnyamata wa mikono ngati matumba a simenti, amene analowa pakhomo chammbali. Basi isanafike n'komwe paphiri, iye anali akudzijambula pafoni pafupi ndi windo chifukwa akuti pamenepo kuwala kunali bwino. Wachiwiri anabwera ndi wezulo pakhosi ndi botolo la ufa wakumwa, ndipo anadula nkhani pakona yoyamba: "Madala, zakale zisiyeni, ine pamwezi umodzi ndikusandutsani mkango!" A Hutala anamuuza kuti mikango imafa ndi njala ikakalamba, n'kumutsegulira chitseko.

Wachitatu anali mayi wa zaka za m'ma fote, wamfupi, wometa tsitsi, atanyamula chikwama chokhala ndi mkeka wa labala wopindika ndi malamba otamuka. Sanayambe ndi kuyeza mimba. Anayang'ana bafa, anayang'ana kutalika kwa bedi, anayang'ana makapu awiri aja. A Hutala atayamba nkhani, mayiyo anakoka mpando wa patebulo n'kuuika pakati pa balaza.

"Pitirizani, bambo, ndikumva. Koma muzikamba mukukhala n'kuimirira. Mawu akayamba kuduka, ndidziwa kuti mtima watopa, tipuma."

Basi inatsika phiri lija a Hutala akukhala n'kuimirira. Pa ulendo wachinayi mawu anatha, nkhumba idakali padenga.

"Basi, pumani. Nkhumbayo mudzandiuza Lachisanu. Inapulumuka?"

Panali patatha zaka ziwiri chiwafunsireni munthu kuti nkhani inatha bwanji. Anamulemba ntchito pomwepo, n'kumutcha Sajeni. Asanatuluke, Sajeni ananena mawu omwe a Hutala anawamva ndi khutu limodzi lokha: "Ntchito yanga ndi yoti musandifunenso. Tsiku lomwe mudzadzuke nokha, ine ndapinda mkeka. Kuli ena akudikira."

Kuyambira pamenepo sabata inakhala ndi masiku awiri okha, Lachiwiri ndi Lachisanu, naini koloko m'mawa. Masiku enawo anali ongodikirira. A Hutala anayambanso kumeta ndevu. Ankasesa pabalaza, kutsuka kapu yachiwiri ija, n'kuima pawindo kutatsala theka la ola. Sajeni sankaseka pa ntchito. Ankawakankhitsa khoma, kuwayendetsa chammbali ngati nkhanu lamba ali m'mawondo, kuwakweza sitepe ya pakhonde n'kuwatsitsa.

"Msana woongoka, bambo! Mwagwira chiwongolero pamenepo?"

"Sajeni, mundipha. Mudzanene zoona pamaliro."

"Ndidzanena kuti munafera pa nambala sikisi, pomwe agogo ena amafika teni. Tiyeni. Ndiye kondakitala uja anatani?"

Kudzuka pansi anakugawa zidutswa: gubudukirani chammbali, ikani chigongono, gwadani, phazi limodzi kutsogolo, dzanja pabondo, kankhani. Poyamba a Hutala ankathera pa kugwada, ngati munthu wopempha chikhululukiro kwa firiji.

Lamlungu lina masana, m'sabata yachisanu ndi chiwiri, batire la wailesi linagwa n'kugubudukira pansi pa makina osokera. Anagwada, anagona chammbali, analitola, phazi kutsogolo, dzanja pabondo, n'kuimirira. Anapezeka ali chilili pakati pa balaza, batire m'manja, osagwira kalikonse. Anacheuka kuti aone amene waona. Munali makina ndi koloko basi.

Anagonanso dala, n'kudzukanso. Katatu. Anakauza firiji. Ali m'kati mouza, mawu a Sajeni aja anafika kukhutu lachiwiri: ndapinda mkeka.

Lachiwiri lotsatira a Hutala anasanduka katswiri wa zisudzo. Anafika pa kugwada, anagwedeza bondo ngati la mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, anabuula mpaka galu wa aneba anayankha, kenaka n'kudzigwetsa mosamala pamkeka.

"Lero zakana, Sajeni."

Sajeni anayang'ana miyendo yawo. "Miyendo iyi pampando ikufika twente. Pali amene akundinamiza, kaya ndi miyendo kaya ndi mwini wake."

"Ndi miyendo. Siinaleredwe bwino."

Zinakana Lachisanu, zinakananso Lachiwiri, masabata asanu athunthu. A Hutala ankaganiza kuti mwana wawo akaona kuti zatsala pang'ono, awonjezera miyezi ina, Sajeni n'kumabwerabe. Chomwe anaiwala n'chakuti mwanayo sankaona kalikonse. Ankangolandira uthenga wa Sajeni pafoni Lachisanu lililonse, ndipo uthengawo unkatha ndi mawu amodzimodzi: sanadzukebe.

Lachisanu lomaliza la mwezi wachitatu, Sajeni akungoyala mkeka, panja panaima galimoto. Chisamba chinalowa ndi makatoni opinda kukhwapa ndi tepi yomatira m'manja. Sichinakalipe. Chinawapsompsona ababa ake pamutu, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawaopsa kwambiri.

"Mwayesetsa, ababa. Palibe wokunenani. Chipinda ndachipenta, njinga ija ndachotsa."

Anayamba ndi shelefu. Anakulunga kapu imodzi m'nyuzipepala, inayo anaiika pambali. Kenaka anaima pa makina osokera n'kuika dzanja pa gudumu lake.

"Awa ndalankhula ndi telala wa pakona, akuti awasamala. Nsaluyi ndingoichotsa."

"Usakhudze singanoyo."

"Ababa, tinagwirizana."

A Hutala anayang'ana nsalu yobiriwira ija. Anayang'ana Sajeni, amene anali atapinda manja akuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani kumeneko. Kusunga zonse ziwiri sikukanatheka, ndipo anadziwa.

Anavula masilipasi. Anatsika pamkeka pang'onopang'ono n'kugona chagada, monga anagonera m'bafa muja. Anapuma kamodzi. Chammbali, chigongono, mawondo, phazi, dzanja pabondo. Anaimirira myaa, ngati mnyamata woitanidwa ndi chibwenzi. Pofuna kuti pasakhale mkangano anagonanso n'kudzukanso, ulendo uno manja ali m'chiuno.

Tepi inagwa m'manja mwa mwana uja n'kugubudukira kukhonde.

"Kuyambira liti?" anafunsa Sajeni.

"Masabata asanu."

"Masabata asanu!" mwanayo anakuwa. "Ababa, ine osagona tulo, kupenta chipinda, kupempha tchuthi kuntchito, inu mukusewera? Chifukwa chiyani?"

A Hutala, munthu amene sanasowepo chonena chibadwire, anangoyang'ana patebulo. Panali thireyi, tiyi atathiridwa kale m'fulasiki, ndi malo a makapu awiri. Mwanayo anatsatira maso awo. Kenaka anamasula kapu ija m'nyuzipepala n'kuibwezera.

"Ndinkakayika," anatero Sajeni akupinda mkeka. "Munthu wolephera kudzuka sasankha pogwera pofewa. Koma ine ndimalemba zomwe ndaona, bambo. Lero ndalemba kuti mwadzuka."

"Ndiye Lachiwiri?"

"Lachiwiri naini koloko ndili ndi mayi wina amene anathyoka chiuno. Wakhala akudikira mwezi wonse."

A Hutala anagwedeza mutu. Ankaidziwa ntchito. Basi siima pasiteji chifukwa wotsika wakonda mpando.

Sajeni anawasiyira lamba mmodzi wotamuka ndi kapepala. "Nyumba ya chitseko chofiira, msewu wachitatu kuchokera pano. Kuli bambo wina, anali wokonza mawotchi. Ndimamuona Lolemba lokha, masiku enawo sachita kanthu chifukwa akuti palibe womuwerengera. Salankhula, amangomvetsera. Mwina mungamuthe."

Mwana anagona masiku awiri n'kubwerera ndi makatoni ake osatsegula. Analonjeza kuimba foni Lamlungu lililonse, ndipo amaimbadi, mphindi zisanu.

Lachiwiri a Hutala anameta ndevu asanakumbuke. Anasesa pabalaza. Kutatsala theka la ola anapezeka ali pawindo, pafupi ndi makina, akuyang'ana geti. Naini koloko inakwana, inadutsa. Nyumba inali yawo, chipinda chilichonse, ndipo munali zii moti ankamva koloko ikumeza malovu.

Anakoka mpando n'kuuika pakati pa balaza. Anakhala, anaimirira, akuwerenga mokweza. Atafika pa sikisi analumphira pa teni, n'kudikira. Palibe anawakalipira. Anabwerera pa seveni okha.

Kapepala kaja kanakhala pansi pa kapu yachiwiri mpaka Lachinayi. Tsikulo anavala chipewa, anaika lamba m'thumba, n'kuima pakhomo la khitchini.

"Iwe," anauza firiji, "nkhumba ija ndikukaiperekera kwina."

Anakhoma chitseko cha nyumba yawo n'kuyamba kuwerenga misewu.