Notisi ya Telala wa Amayi

Nyumba ya kuseri kwa amayi ku Lisungwi ndinamanga ndine. Oumba njerwa ndinawalipira ndine, malata ndinagula ku Blantyre n'kuwakweza pa lole ndekha. Ndinkafuna kuti lendi yake iziwagulira amayi sopo ndi shuga pamene ine ndikuphunzitsa ana a eni ake m'tauni. Ndiye munthu asandiuze kuti ndinalibe chonena pa nyumba imeneyo.

Amene analowamo anali mayi wina wamasiye, telala wosokera pakhonde la sitolo ina pamsika. Anamupeza ndi amayi, n'kugwirizana naye pakamwa, ine ndinangomva zitatha kale. Sanali munthu woipa, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipsetsa mtima. Lendi ankapereka pa nthawi yake, pabwalo ankasesa, mawu ake sankadumpha mpanda. Akanakhala wamiseche kapena woledzera, bwenzi mtima wanga uli m'malo.

Nsanje inandiyamba pa tchuthi china. Ndinatsika minibasi fumbi lili mbuu, nditawanyamulira amayi diresi lodula. Ndinawapeza ali pamphasa, atatsamira mawondo a mayi uja, akuwaluka tsitsi. Ine chibadwire mutu wa amayi sindinaugwirepo. Diresi lija analiyesa, n'kunena kuti, "N'labwino, koma m'khwapamu likundithina. Akonza mwana wangayu."

Mwana wangayu! Ine nditaima pomwepo, chikwama chidakali m'manja.

Kuyambira pamenepo maso anga anali pa iye basi. Mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi ankasunga ndi iyeyo. Manachesi oyamba kupsa mumtengo umene anabzala malemu bambo anga ankapita kwa iye. Ndikaphika ndiwo, amayi ankalawa n'kunena kuti mchere ndachulutsa. Ndikafunsa pamene pali singano kapena machesi, yankho linali lakuti, "Funsa mnzakoyo." Ndinkamwetulira, koma m'kati ndinkapsa. M'nyumba ya mayi anga, mlendo ndinali ine.

Nditabwerera ku Blantyre ndinatsimikiza kuti achoke. Maganizo anga anali ochita zimene ndaona alandilodi ambiri akuchita: kutuma mmisiri akazule chitseko, munthu akalumidwa ndi udzudzu amasamuka yekha. Ndinauza mphunzitsi mnzanga, ndipo ananditengera kwa amuna ake, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki kubwalo la milandu. Bamboyo anandiseka mpaka kutsokomola.

"Mukazula chitseko kapena kusasula denga, wolakwa mukhala inu," anatero. "Munthu wa lendi timamupatsa notisi yolemba. Muikepo tsiku limene mwalemba ndi tsiku loti atuluke, ndipo mumupatse mwezi wathunthu. Akakana, mubwere kubwalo, osati kumutayira katundu panja."

Ndinavomera, ngakhale mwezi unandionekera wautali. Kenako anandifunsa kuti malowo ndi a ndani, anagwirizana naye ndani, ndipo lendi amalandira ndani. Mafunso onsewo yankho lake linali limodzi: amayi.

"Ndiye landilodi ndi amayi anu," anatero. "Inu lembani, koma asaine kapena adinde chala ndi iwowo."

Ndinatuluka m'menemo nditakwiya ndi malamulo omwe. Nyumba yomanga ine, koma chala cha wina!

Kulemba kwake kunandivuta pa chifukwa. Ndinayamba ndi kuti nyumbayo ikufuna kukonzedwa, ndinafufuta, poti inali isanachite ndi mng'alu womwe. Kuti ndilembe zoti amayi anga amamukonda kuposa ine, pepala silikanalola. Pomaliza ndinangoti eni ake akuifuna nyumbayo. Ndinakaitaipitsa bwinobwino, ndinabwereka inki yodindira ku ofesi ya kusukulu, Loweruka lotsatira n'kukwera minibasi.

Ndinawapeza amayi ali okha pakhonde, akusankha nyemba, ndipo ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Ndinawapatsa moni, n'kutulutsa pepala ndi inki.

"Amayi, mungodinda chala apa. Ndi za nyumba ya kuseriyi."

"Ine sindidinda chinthu chimene sindinachimve."

"Chabwino, ndikuwerengerani."

"Iwe umawerenga mothamanga ngati wailesi. Amandiwerengera ndi uyu."

Ndisanatsegule pakamwa, anali ataitana kale. Ine ndinkayesa kuti telalayo ali kumsika, koma anatulukira kuseri akupukuta manja pachitenje. Anagwada, n'kundilonjera mwaulemu: "Mwafika bwanji, achemwali?" Amayi anandilanda pepala lija n'kumupatsa.

Ndinafuna kulitsomphola, koma manja anakana. Anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, mmene amayi amafunira. Atafika pamene panali dzina lake anaima kaye, n'kundiyang'ana, kenako anapitiriza. Sanadumphe liwu ndi limodzi lomwe.

"Kodi wotulukayu ndani?" anafunsa amayi.

"Ndine, amayi," anayankha telalayo.

Anapinda pepala lija bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri. "Ndamva, achemwali. Mweziwo undikwanira. Koma mankhwala awo amamwa m'mawa asanadye, musamaiwale."

Apo mpamene mtima unandiwawa koposa. Ndinkafuna alire, atukwane, kuti amayi aone kuti nayenso ndi munthu wamba ngati ine. Koma ayi, ngakhale pothamangitsidwa anandiposa.

Amayi anayang'ana nyemba zawo. Kenako anatenga inki ija, n'kuitseka, n'kuiika pamiyendo panga.

"Uyu ukumupatsa mwezi wathunthu woti akonzekere," anatero. "Nanga ine, pamene unkachoka pano, unandipatsa masiku angati?"

Yankho ndinali nalo. Ndinachoka chifukwa cha ntchito, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inkawadyetsa. Mpaka lero ndimaona kuti linali yankho labwino. Koma amayi sanali kuyang'ananso ine. Anali atatembenukira kwa mayi uja, akumuuza kuti adzuke pansipo, mawondo angamupweteke.

Notisi ija sinadindidwe, ndipo telalayo akukhalabe m'nyumba yanga. Ndikawaimbira amayi, foni amayankha ndi iyeyo. "Amayi akupumula, achemwali, ndiwauza kuti munaimba." Ine ndimati zikomo, chifukwa popanda iye sindingadziwe ngati mayi anga adya. Ndikadula foni ndimakhala kaye pansi, nsanje idakalipo.