Mpikisano wa Amalume ku Dzalanyama

Ndinali ndi zaka khumi pamene amalume anatitenga kukayenda m'mapiri a Dzalanyama, ine ndi mlongo wanga Yamikani, amene anali asanayambe sukulu. Amalume ankakonda kuyenda m'tchire popanda chimene akufuna, ndipo anthu kwathu ku Mitundu ankangowapukusira mitu. Tinakwera matola mpaka pamene msewu unathera, n'kuuyamba wapansi. Iwo anabereka chikwama cha mbatata yootcha ndi madzi, ife anatipatsa timajumbo totoleramo masuku.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, udzu uli wouma wofika m'mapewa. Amalume sankatifulumiza. Yamikani akayamba kukoka miyendo, iwo ankati atopa ndi iwowo, n'kukhala pamthunzi mpaka mwanayo awadzutse yekha.

Dzuwa litapendeka, nyenje zinasiya kulira. Mphepo inatembenuka, ndipo tinthu takuda tinayamba kugwera pa diresi langa. Ndinatola kamodzi, kanafumbutuka m'zala. Kenako gwape anatidutsa pafupi, osatiopa n'komwe. Amalume anaima, nayang'ana kumene tinachokera nthawi yaitali. Kuseri kwa chitunda kunkafuka utsi, ndipo kunkamveka kuthetheka.

"Amalume, si moto uwo?" ndinafunsa.

"Uli kutali, Naphiri," anatero akumwetulira. "Tiyeni tichite mpikisano. Woyamba kufika kumtsinje adya mbatata yaikulu. Masuku tayani, akulemetsani."

Yamikani anakakamira kajumbo kake. Amalume sanamukalipire. Anagwada n'kumuuza kuti, "Ine ndine galimoto yako, koma dalaivala amagwira ndi manja onse." Mwana anataya masuku, nakwera pamapewa, n'kuyamba kuliza hutala ndi pakamwa.

Tinatsetsereka, ine ndili pambuyo. Utsi unatipeza, maso anayamba kuwawa, ndipo kukhosi kwanga kunkatentha ngati ndaima pafupi ndi uvuni wa njerwa. Chitsa chinawang'amba amalume pamwendo, magazi n'kutsikira mu nsapato, koma sanaime. Yamikani ankangoseka. Ine misozi itayamba, amalume anacheuka. Kumwetulira kunali kutatha.

"Usalire pano," anandiuza motsitsa mawu. "Akakuona alira nayenso, ndipo sindingathe kunyamula awiri. Imba."

Ndinaimba nyimbo ya kwaya, mawu akudukaduka, mpaka mapazi anga anaponda madzi. Tinawoloka n'kukakhala pathanthwe lalikulu la kutsidya. Amalume ananyowetsa malaya awo n'kutifunditsa kumutu, akuti ndi tenti ya opambana. Moto unafika pagombe limene tinachokera, ukulira ngati mvula pamalata, unanyambita bango, n'kukhotera kumtunda.

"Wapambana ndani?" Yamikani anafunsa ali m'kati mwa malaya.

"Iweyo, bwana dalaivala," anayankha amalume. Koma pofuna kusenda mbatata, inawapulumuka m'manja n'kugwera m'madzi. Anatembenuka kuti mwanayo asaone mantha pankhope yawo, ndipo ndinasenda ina ndine.

Yamikani pano ndi bambo, amakhala ku Nathenje. Mpaka lero amasimba za tsikulo ngati tsiku lokoma koposa la ubwana wake, ndipo sindinamutsutsepo. Ine ndinadzamvetsa bwino nditayamba kukwera phiri la Bunda ndi ana anga. Bingu likagunda kapena njira ikatisokonekera, iwo sayang'ana kumwamba kapena kutchire. Amayamba ayang'ana nkhope yanga, kuti adziwe ngati ndi nthawi yoti aope.