Dzanja la Telala

Adokotala anabadwira kuseri kwa kashopu kosokera nsapato. Bambo awo sankalola kuti nsapato itayidwe ikadali ndi chidendene, ndipo mwanayo anatengera mtima womwewo wokakamira zinthu zoti ena ataya kale. Usilikali sanaulowe chifukwa chokonda mfuti ayi. Kumeneko n'kumene mwana wa m'mphawi akanaphunzira udokotala. Anakwatira, mwana woyamba n'kubadwa, ndipo nkhondo inabuka mwanayo asanamere mano.

Chipatala chawo chinali sukulu yomwe anthu anaithawa. Madesiki anawagundaniza n'kukhala mabedi, ndipo opaleshoni ankachitira mu ofesi ya ahedi, poti munali zenera lalikulu. Madokotala anzawo akaona mwendo wonyenyeka ankangoitanitsa sowo, chifukwa ovulala anali mbwee pakhonde. Iwo ayi. Ankawerama mpaka msana kuuma, kulumikiza mitsempha umodziumodzi. Asilikali anawapatsa dzina loti Achigamba, ndipo tisanamizane, dzinalo linkawakomera. Kamtima konyada kanalipo ndithu.

Tsiku lina anabweretsa msilikali amene kwawo anali telala. Chidutswa cha bomba chinali chitamung'amba dzanja lamanja, zala zili lendelende.

"Bwana, chonde musalidule," anadandaula telalayo. "Ana anga adya chiyani? Makina sasoka ndi miyendo yokha."

"Khala phee, mphwanga," anatero adokotala. "Tione ngati sindikuposa kusoka."

Analisoka, likatukusira n'kulitsegulanso, mpaka linapola. Zala zitayamba kupindika, telalayo ankazilimbitsa posokerera mabatani pa malaya a odwala anzake. Akayang'ana zipsera zake ankaseka. "Msoko uwu, bwana, kwanga sindikanakulembani ntchito." Ankangodikira tsiku lopita kwawo, poti nthawi imeneyo onse ovulala manja ankawabweza kumudzi.

Koma kunkhondo anthu anali atatha. M'mawa wina kunatulukira kaputeni ndi lole, ali ndi lamulo latsopano. Anawatengera adokotala pambali n'kuwauza kuti wochira aliyense awafinye zala ziwiri. Wofinya mwamphamvu angathenso kuwomba mfuti, ndiye abwerere kunkhondo. Odulidwa manja okha ndiwo apite kwawo.

Adokotala anayamba kuyendera odwalawo. Mpata womunong'oneza telalayo panalibe, chifukwa kaputeni ankawatsatira bedi ndi bedi. Atafika pa iye anamupatsa zala zija, akumuyang'anitsitsa m'maso.

"Finya. Usadzikakamize, wamva? Ngati likupweteka, nena."

Telalayo ankayesa kuti kaputeni wabwera kudzayendera ntchito ya adokotala. Akanawachititsa bwanji manyazi pamaso pa mkulu wawo, munthu amene anamuvutikira chonchija? Analuma mano n'kufinya ndi mphamvu zake zonse, mpaka zala za adokotala zinalira.

"Mwaona, bwana kaputeni?" anatero akumwetulira. "Adokotala awa ndi ena!"

"Uyu ali bwino," anatero kaputeni. "Akakwere."

Adokotala anayesa kunena kuti mitsempha sinalimbe, koma kaputeni anali ataona ndi maso ake. Apa m'pamene telalayo anamva kumene lole ikupita. Sanawanyoze, sanalire. Anatola bulangete lake n'kutuluka.

Mwezi sunathe. Anabwerera pa lole yomweyo, atamufunditsa mpaka kumutu. Chipolopolo chinali chitalowa pakhosi. Adokotala anakwera okha m'lolemo, n'kutenga dzanja lija, n'kulitembenuza uku ndi uku. Linali bwinobwino, popanda ndi pamodzi pomwe pamene panamasuka.

Nkhondo itatha anabwerera kwa akazi awo, n'kupeza mwana uja akuthawa kukabisala akawaona. Anagwira ntchito m'chipatala cha asilikali mpaka imvi zinati mbuu, ndipo alipo ambiri amene akuyenda ndi miyendo yawo lero chifukwa cha iwo. Anthu ankawatamanda, iwo n'kumangogwedeza mutu. Za telalayo zinawadya mumtima moyo wawo wonse, koma anazitulutsa kamodzi kokha, atadwala kale matenda amene anawatenga.

"Amayi a mwana," anatero kwa akazi awo, "munthu uja ndikanangomudula, bwenzi ana ake ali ndi bambo."