Mlungu Umene Amalume Anakana Kudya Kwathu

Wezulo ya amalume inali yachitsulo, yomangilila ku chingwe chakuda cha nsapato. Kanthongo ka m'kati mwake kanatayika kalekale, ndipo iwo anaikamo nzama youma, moti ikalila inkamveka ngati ili ndi chimfine. Ndili nayo mpaka lelo m'chitini cha mabatani. Adzukulu anga amaipempha, koma sindiwapatsa.

Chinali chilimwe cha chaka chimene ndinali mu giledi seveni, zipani zambili zitangobwela kumene. Mashopu a ku Nyimba, amene kale munkangokhala mashelefu ndi fumbi, anayamba kudzaza, ndipo salaula, kapena kuti kaunjika, anayalidwa m'mbali mwa msewu waukulu. Koma depoti ya chimanga, kumene amalume ankayeza matumba pa sikelo, inatsekedwa. Iwo anali mlongo wamkulu wa amai, ndipo akazi ao anali atamwalila, choncho ankadya kwathu masana alionse. Mpando wao unali pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinali wowapatsa madzi osamba m'manja, nditagwada.

Wamalonda wina anabwela ndi vidiyo kuchokela ku Lusaka, naiika m'chipinda cha kuseli kwa golosale yake. Loweluka masana, jeneleta ikagunda, ankaonetsa makaseti a basiketibolo ya ku Amelika. Mtsikana sankaloledwa kulowa m'malo otelo, koma amalume anauza amai kuti adzakhala nane pambali, popeza kusukulu kwathu aphunzitsi anali atayambitsa timu ya atsikana ndipo ine ndinali wamtali kuposa onse. Ndimakumbukila fungo la petulo ndi thukuta, malata akuotcha pamutu, ndi kulila kwa nsapato za zimphona zija pa bwalo lonyezimila ngati lathilidwa madzi.

Panali katswili mmodzi amene chipinda chonse chinkamudikila. Lamulo la masewelawa limati ukaleka kunjanjitsa mpila n'kuugwila m'manja, uponde kawili kokha, kenako uponye. Iyeyo nthawi zina ankaponda katatu, woyimbila masewela n'kukhala chete. Mkangano unkayambila pamenepo. Telala wa pamsika ankaimilila n'kunena kuti, "Bwezani kaseti tiwelenge." Mwini vidiyo ankabwezadi, ndipo amuna akuluakulu, ena a imvi, ankawelenga pamodzi ngati ana a giledi wanu: kamodzi, kawili, katatu.

"Inu atelala," ankatelo dalaivala wa minibasi, "anthu onsewo adzaza bwalo kudzaona iyeyo, osati wezulo. Bwana saimitsidwa pa lodibuloko."

"N'chifukwa chake minibasi yanu ilibe mabuleki," ankayankha telala.

Amalume, amene anaphunzila masewelawa kusekondale ya amishoni, ankalankhula pomaliza, ndipo mau ao anali amodzimodzi nthawi zonse: "Sikelo ikakondela thumba limodzi, palibe adzadziwenso kulemela kwa thumba limenelo." Ena ankaseka n'kuwakumbutsa kuti sikelo yao inatsekedwa. 

Ndiyenela kuvomela kuti ine mumtima ndinali kumbali ya dalaivala. Bwalo lathu la kusukulu linali la dothi la pachulu lotsindila, ndipo mphete yoponyamo mpila inali limu ya njinga yokhomela pathabwa. Pamenepo ndinayamba kutsanzila katswili uja. Kuponda kwachitatu kunkandifikitsa pansi penipeni pa limu, pamene sindinkaphonya. Aphunzitsi ankaona, koma wezulo yao inkangolendewela pakhosi. "Uyu musiyeni," ankauza anzanga akadandaula, "ndiye adzatifikitse ku Chipata." Sindiwaimba mlandu. Ankandikonda, ndipo pa nthawiyo sindinkadziwa kuti pali chikondi china chimene chimalemaza phazi la mwana.

Kenako kunamveka kuti tidzasewela ndi sukulu ya ku Msanzala, m'boma la Petauke, ndipo opambana adzapita ku Chipata kukakumana ndi matimu a chigawo chonse. Ine ndinali ndisanaonepo Chipata. Amai anandigulila nsapato za salaula, zoyela, zokulilapo pang'ono. Kupatula aphunzitsi a matimu awiliwo, munthu wodziwa malamulo m'dela lonse anali amalume okha, choncho anapemphedwa kuyimbila. Mbili inatipeza yakuti a ku Msanzala akudandaula kuti apita kukaweluzidwa ndi malume wa mdani wao.

Lolemba la mlungu wa masewelawo, mpando wa pansi pa mango unakhala wopanda munthu. Amai anandituma ndi mbale zovundikila kunyumba kwao, cha ku msewu wa ku Mwape. Amalume anathokoza, koma sanavundukule. "Ukawauze amai ako kuti ndidzadya Loweluka," anatelo, ndipo ndinabwelela nazo zikali zotentha pamutu panga.

Wosadziwa za kwathu sangamvetse kulemela kwa zimenezi. Kubweza chakudya cha mlongo wako ndi kunena kuti wakukwiyitsa kwambili, kapena kuti ukuopa zimene waikamo. Amai anafufuza mumtima mwao mau alionse amene analankhulapo chaka chimenecho. Kuchitsime azimai ankatsitsa mau ife tikafika. "Mlongo wanga wandiyesa mfiti," ndinamva amai akutelo akupeta mapila. Lachitatu anachita zimene mwambo umafuna kwa wopepesa wamkulu wake: anagwila tambala wathu wofiila, namupanila m'khwapa, nadutsa naye pakati pa msika dzuwa lili pamutu, kupita kwa amalume. Amai ankaganiza za ubale basi. Sanaganize kuti msika wonse ukuona mai wa wosewela akupeleka tambala kwa woyimbila, patatsala masiku atatu. Amalume anawabweza njila yomweyo ya pamsika, iwo eni akuwapelekeza, tambala akali m'khwapa mwa amai. Ine ndinali nditatsatila m'mbuyo, ndipo ndinaona pambaula pao pali zidutswa ziwili za chinangwa chootcha, popanda china chilichonse.

Loweluka alendo anafika pa lole, atafiila ndi fumbi. Wondilonda anali mtsikana wamfupi, wopanda nsapato, wa m'mabanja aja amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika kuno. Ankandimamatila ngati chisoso pachitenje. Nditamuzemba koyamba n'kuponya, mpila unalowa, anthu anakuwa, koma nzama ija inali italila kale. Amalume anazunguza zibakela zao, chizindikilo chakuti ndayenda ndi mpila, ndipo ananditchula ndi nambala ya pamsana, osati dzina limene iwo omwe anandipatsa nditabadwa. Posakhalitsa zinachitikanso. Dalaivala uja anafuula ali pamwamba pa minibasi yake: "Amalume, kodi mailo mudzadya kuti?" Anthu anaseka. Telala yekha ndi amene ndinamuona akuwelenga ndi zala, n'kugwedeza mutu movomeleza.

M'chigawo chachiwili ndinayamba kuwelenga ndekha mapazi anga, mokwiya, milomo ikuyenda. Kuponya ndili patali kunali kovuta, komabe ndinalowetsa kasanu, ndipo wezulo sinalile. Nthawi itatsala pang'ono kutha tinali m'mbuyo ndi pointi imodzi. Mpila unandipeza, mtsikana uja anatelela, njila inatseguka, ndipo phazi langa linakumbukila zimene linazolowela miyezi yonse ija. Mpila unalowa bwinobwino, osakhudza limu. Wezulo inalila.

Ndinatola mpilawo ndikufuna kuuponya kutchile. Sindidziwa chimene chinandigwila. Ndinapita nao kwa amalume, ndinapinda bondo, ndipo ndinaupeleka ndi manja awili monga ndinkapelekela madzi. Masewela anatha, ndipo a ku Msanzala ndi amene anapita ku Chipata. Mphunzitsi wao anavula chipewa pogwila amalume chanza. Mtsikana uja anandiuza m'Chinyanja chake chopindika kuti ndimaponya bwino ndikakhala patali, koma sindinamuyankhe, ndipo zimenezo zimandichititsa manyazi mpaka lelo.

Zaka zambili pambuyo pake, mkangano wa makaseti ukabuka, telala ankauthetsa ndi mau akuti, "Ku Amelika kaya, koma kuno ku Nyimba tinamuona woyimbila." Ndakhala ndikumva anthu amene sanandidziwe akusimba nkhaniyi m'basi, ndipo msana wanga umaongoka.

Koma tsiku la masewela lomwelo, dzuwa lisanalowe, amalume anabwela nakhala pampando wao ngati palibe chachitika. Amai anali atapha tambala uja, ngakhale sanawalonjele. Ndinawapatsa madzi ndikuyang'ana kumbali. Kwathu nthutumba ya nkhuku ndi ya munthu wolemekezeka kuposa onse pambalepo, ndipo mwana, makamaka wamkazi, saiyembekezela. Amalume anaifunafuna m'mbale, anaipeza, naiika m'dzanja langa. Amai analeka kupakula.

"Zigoli zisanu zija ndi zako," anatelo amalume. "Palibe munthu ku Msanzala kapena ku Nyimba amene anganene kuti unapatsidwa."

Ndinaidya misozi ikugwela pamkono, ndikuganiza kuti akupepesa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindidzawakhululukila. Ndinawaona akudya mofulumila mosiyana ndi khalidwe lao, n'kupukuta mbale mpaka kuyela. Chinangwa chija sindinachikumbukile. Ndinangoona munthu amene wandilanda Chipata, ndipo tsopano akumaliza tambala wathu.