Basera wa pa memore khadi

Ife kwathu ndi ku Nsanje, ndipo anthu a ku Zingwangwa sankalola kuti tiiwale zimenezo. Mwana wa aneba akadwala malungo, amayi anga akafika pampopi anthu ankatsitsa mawu. Ati Asena amaweta ng'ona m'nyumba. Zinkandipsetsa mtima kwabasi. Ng'ona yake ikanagona pati, m'chipinda cha lendi chimene ifeyo tinkachita kupanikizana?

Ndiye a Limana, gulu la Akatolika a m'dera lathu lopemphera m'makomo mosinthana, atanena kuti Lamulungu lotsatira abwera kwathu, amayi anasangalala ngati mwana. Dzina lawo linali litadumphidwa kwa zaka. Anakolopa khonde, anabwereka mphasa, kenako anandituma kumsika ndi memore khadi kuti akaikemo nyimbo za kwaya. Tinali ndi kawailesi kotchaja, kolowetsa khadi pambali.

Anyamata oika nyimbo ali ndi khalidwe lawo. Malo akatsala m'khadi amakuponyeramo chilichonse chimene chili pakompyuta, ati basera, ngati wogulitsa tomato. "Sisi, ndakuikirani ndi zina zobeba," anatero mnyamatayo pondipatsa. Ine n'kuthokoza.

Lamulungu masana anabweradi, azimayi ambiri ndi abambo ochepa amene tinawapatsa mipando. Atatha kolona, amayi apampando anati tiike nyimbo pamene tiyi akugawidwa. Kwaya inaimba bwinobwino. Amayi ankayenda ndi ketulo, nkhope ikuwala. Kenako nyimbo zinatha, m'kawailesi munamveka mphepo, ndiye gogogo, kugogoda.

"Fikani!" anayankha abambo ena, akuyang'ana kuchitseko chomwe chinali chotsegula kale.

Pamenepo m'kawailesimo wina anayamba kulankhula. Mawu a mwamuna, okhuthala ngati akuchokera mumgolo, Chingerezi chapang'onopang'ono, akupuma mobuula. Ine ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Chinali chimunthu cha m'gemu ina, chovala chigoba kumaso, chimene ndinkachiona m'kashaki ka magemu kuseri kwa msika. Wina anatenga mawu ake pakompyuta n'kuchiwerengetsa nthano yakale ya azungu, ya munthu amene anamwalira n'kubwerera kudzagogoda pakhomo pake, mkazi wake ali m'nyumba.

Kapu inagwa. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumuponya kumsana. Apampando anatulutsa kabotolo ka madzi odalitsidwa n'kuwaza kawailesi. Amayi anathamangira kukazimitsa, koma pofulumira anangowonjezera voliyumu. Chimene sindidzaiwala n'chakuti maso onse sanali pa kawailesiko. Anali pa amayi.

"Mayi, m'nyumba muno mumasungamo chiyani?" anafunsa apampando.

Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, pofika mawa Zingwangwa yense akhala atamva kuti Msena uja anaitana mizimu pa Limana.

"Ameneyo ndi wa m'gemu," ndinatero. "Ndi basera wa oika nyimbo."

"Iwe wamudziwa bwanji?"

"Ndimasewerako."

Ine mtsikana wa Fomu 3, woimba kwaya, kukakhala m'kashaki kamdima ndi anyamata osuta. Amayi sankadziwa n'komwe. Manyazi anandigwira, ndinangoti zyoli, kumayang'ana maluwa a pachitenje changa.

Abambo aja oyankha kugogoda ndi amene anayamba kuseka. "Ndiye tamasulira timve, akuti chiyani mkuluyu?"

Ndinamasulira. Anthu omwe aja amene ankachita chizindikiro cha mtanda anayamba kusendera pafupi. Wakufayo akagogoda, wina ankakuwa, "Asatsegule ameneyo!" Wina ati, "Mkaziyo ngopusa, bwanji osaitana aneba?" Apampando, kabotolo kali m'manja, anandidzudzula kuti ndikufulumira. Tiyi anazizira m'makapu. Anasangalala kuposa mmene ndinawaonerapo akusangalala ndi Uthenga Wabwino, mpaka batire linatha nkhani ili pakati, onse n'kudandaula.

Ndinayesa zatha bwino. Koma potsanzikana, mayi wina akuvala patapata pakhonde anati, "Koma kwa Asena ayi ndithu, ngakhale wailesi imacheza ndi akufa." Onse anafa nacho chikhakhali. Amayi nawonso anaseka, mokweza kuposa ena, akuwaperekeza mpaka pamsewu. Kuseka kumeneko ndi kumene kumandichititsa manyazi mpaka lero, kuposa za gemu zija. Limana sinabwerenso kwathu nthawi yonse imene tinakhala m'nyumba imeneyo. Ankati pakhomo m'pochepa.

Amayi atabwerako kumsewu ndinadikira kukalipiridwa. Sananene kanthu za kashaki. Anagwada n'kuyamba kupinda mphasa za eni ake, ine ndikutolera makapu. Patapita kanthawi anafunsa osandiyang'ana.

"Iwe, nkhani ija umaidziwa mathero ake?"

"Eya, amayi."

"Munthu uja anamutsegulira?"

"Ayi."

"Chonsecho anali wawo?"

"Anali wawo, amayi."

Anagwedeza mutu, n'kumanga mphasa zija ndi chingwe. Kenako anazisenza okha kukabweza.