Lachinayi la Makuponi ndi Diso la Bambo

Ng'ala inawalowa bambo anga pang'onopang'ono. Poyamba ankanena kuti osindikiza mabuku a masiku ano achepetsa zilembo. Kenako anayamba kusakaniza masamba posankha fodya, lofiira ndi lotuwa mumtolo umodzi, iwo amene anthu a m'maesiteti ankabwera kudzawafunsa nzeru. Pomaliza anasiya kuwerenga Mawu m'tchalitchi chathu kufupi ndi Santhe, ntchito imene anaiyamba ine ndisanabadwe. Ankangokhala kutsogolo, Baibulo lotseka lili pamiyendo, milomo ikutsatira wowerenga.

Chaka china, m'nyengo yothirira nazale, analengeza kutchalitchi kuti kuchipatala cha mishoni kukubwera madokotala a maso ochokera kunja. Ife a dera lathu anatipatsa Lachinayi. Tisanamalize n'kukondwera komwe, alangizi a zaulimi anatumiza uthenga kuti makuponi a feteleza adzagawidwa pabwalo la sukulu Lachinayi lomwelo, ndipo mwini dzina aonekere yekha ndi chitupa chake. Pabanja pathu dzina lolembedwa linali la bambo.

"Maso sadyedwa, mwanawe," anatero bambo. "Ine ndikakhala pamzere."

"Bambo, mukufuna kufanana ndi uja anagulitsa ukulu wake chifukwa cha mphodza?"

"Iwe, usandilalikire. Nkhani imeneyo ndinakuphunzitsa ndine. Nanga ya ng'ombe zoonda zija waiwala?"

Tinakangana choncho masiku awiri, aliyense ndi mavesi ake. Mkazi wanga ndiye anaona chimene ine sindinaone. Lachitatu anagwada pakhonde, chapatali monga mpongozi, n'kunena motsitsa mawu: "Bambo, njala tinaionapo kale, ndipo Mulungu anatisunga. Kapena ndi mpeni umene ukukuopsani?"

Bambo anaseka. "Mayi, diso si mbatata yoti munthu n'kusenda."

"Ndiye tipemphere za mpeniwo, za feteleza tizisiye."

Tinapemphera pakhonde pomwepo.

Lachinayi m'mawa ndinawakweza pakaliyala ya njinga. Msewu wa kuchipatala umadutsa pasukulu, ndipo anthu anali atandanda kale. Mnzawo wina wa bambo anakuwa: "Akulu a mpingo, mwasochera! Mzere uli kuno!"

"Ndikukatenga maso kuti ndidzaone chimanga chako ngati chidzaposa changa!" anayankha bambo. Koma ndinamva manja awo akulimba m'chiuno mwanga, ndipo ndinapalasa mwamphamvu kuti asasinthe maganizo.

Kuchipatala tinapeza nkhalamba zambiri, aliyense ndi womutsogolera. Dokotala anali mayi wamfupi wochokera ku India. Chichewa chake chinkathera pa moni. Womasulira anali namwino wa kwathu konkuno, mwana wa ku Chamama, amene anakaphunzira za maso kudziko lina n'kubwerera. Iyeyu anatifotokozera kuti achotsa chotuwacho n'kuikamo kagalasi kakang'ono ngati mamba a nsomba, kopangidwa kutsidya kwa nyanja, kolipiridwa ndi anthu a mayiko ena amene sitidzakumana nawo.

"Zaka zonsezi fodya wanga wakhala akuwoloka nyanja," anatero bambo, "womusuta sindimudziwa. Lero kumeneko kwachokera kanthu kanga."

Kenako anafunsa ngati dokotalayo ndi Mkhristu. Namwino anayankha kuti amapembedza mwa kwawo. Ndinaganiza kuti ulendo wathera pamenepa. Bambo anapukusa mutu pang'ono n'kunena kuti, "Amene anamanga mabala a munthu uja anagwa m'manja mwa achifwamba sanali wa mpingo wake. Muwauze anditambasulire manja." Dokotala anatambasula, bambo anawafufuza mpaka anawagwira, n'kuwapempherera chala ndi chala. Mayiyo anaweramitsa mutu mpaka pa ameni.

Tinagona konko. M'mawa namwino anamatula thonje padiso lamanja. Bambo anaphethira, misozi ikutsika, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, imvi izi wazitenga kuti?"

Wodi yonse inafa ndi phwete. Ine ndinkaseka ndikulira. Bambo anandiuza kuti nditulutse Baibulo m'chikwama. Namwino anati asalitopetse diso, magalasi owerengera adzalandira pakapita masabata. Bambo anati, "Mzere umodzi wokha, mwana wanga." Analitalikitsa Baibulolo, analiyandikitsa, mpaka anapeza zilembo zikuluzikulu za pamwamba pa tsamba, n'kuziwerenga mokweza, chimodzichimodzi, ngati mwana wa Sitandade 1. Gogo wina wa pabedi loyandikana, amene thonje lake linali lisanachotsedwe, anayambitsa nyimbo yoyamika, ndipo tonse tinalandira. Dokotala anaima pakhomo akuomba m'manja mosemphana ndi nyimbo, koma palibe anamukonza.

Namwino anati diso lamanzere adokotala adzaliona akadzabweranso. Bambo anati, "Muwauze adokotala kuti ulendo winawo ayambe afunsa alangizi za tsiku."

Pobwerera sanandilole kupalasa mwachangu. Ankawerenga chikwangwani chilichonse, cha chigayo, cha okonza njinga, ngakhale cha sitolo yotsekedwa kalekale.

Kuponi sitinalandire. Tinamva kuti dzina lawo linaitanidwa katatu, n'kupitirira. Mvula itagwa, mabanja ena a mumpingo anatitapira feteleza m'matumba awo, uyu mbale, uyu kandowa, ndipo mnzawo wonyoza uja anabweretsa ndowa yodzaza. Anakwanira kumunsi kwa munda kokha. Kumtunda chimanga chinamera chachikasu, chowonda.

Tsiku lina ndinawapeza bambo kumtunda komweko, ali okha, opanda ndodo kapena wowagwira dzanja. Anali atasenza manyowa a m'khola la mbuzi, akuthira phando ndi phando.

"Taona kuipa kwake chimangachi," anatero, nkhope ili mwee. "Ndikuona tsamba lililonse. Ichi chikufuna manyowa, icho chili ndi mbozi kumtima. Katenge khasu, usangoima ngati mlendo."

Ndinakatenga khasu. Tinagwira mpaka dzuwa linafika paliwombo, iwo patsogolo, ine pambuyo, akundisonyeza maudzu amene ndawasiya.